A Tsaya ndi Penti Wodikira Moto

Aliyense m'tauni muno amene imvi zayamba kumuyendera akuwakumbukira a Tsaya, bambo aja ankati kukacha nkukagunditsa tsaya lawo pa chitsulo, atatsinzina, ngati mwana wofuna tulo kumsana kwa mayi ake. Dzina lawo lenileni linalipo ndithu, koma linafa ndi njala chifukwa palibe ankalitchula. Ngakhale ana awo omwe, munthu akawafunsa kuti ndinu ana a yani, ankangoyankha kuti, "A Tsaya," nkumapita.

Ntchito yawo inali yopopera penti woteteza zitsulo ku moto, m'nyumba zikuluzikulu zija zimaima pa mizati ndi mitanda yachitsulo. Amene anawadziwa kuposa wina aliyense ndi mlamu wawo, wowotcherera zitsulo uja timamutcha a Mbaliwali chifukwa cha timoto touluka timene tinaboola malaya awo onse. Mukawapeza lero atakhala pakhomo pa shedi yawo, muwafunse za tsiku limene anakumana ndi a Tsaya. Amayamba aseka kaye mpaka kutsokomola, kenako ndi pamene amafotokoza.

Panthawiyo onse awiri anali anyamata, ndevu zikungoyamba kulimba. Ankamanga nyumba yosanjikizana pafupi ndi siteshoni ya basi, ndipo zitsulo zinali zitaima kale ngati mafupa a chinyama chachikulu. A Mbaliwali analawirira ku ntchito, nkupeza munthu atakumbatira mzati, tsaya lili gwa pa chitsulo, osagwedezeka. Anaganiza kuti mwina kwawo kwagwa zovuta.

"Pepani achimwene, kunyumba nkwabwino?"

"Chete," anatero munthu uja osatsegula maso.

"Kapena mowa wa dzulo sunatsike?"

"Ndati chete. Ndikumvetsera."

"Chikuti chiyani chitsulocho?"

Munthu uja anachotsa tsaya lake, nkulisisita, nkuyang'ana kumwamba. "Chikutuluka thukuta. Lero sitipenta mpaka dzuwa lifike pamwamba pa mtengo uwo."

Anafotokoza kuti penti wake ndi wosungunula ndi madzi, si uja wamafuta wonunkha mpaka kupweteketsa mutu. Ubwino wake ndi womwewo, koma ndi wamanyazi. Ukamupopera pa chitsulo chamame sagwira, amadzafunduka ngati khungu la njoka. A Mbaliwali anafunsa kuti nanga bwanji osangokhudza ndi dzanja ngati anthu ena onse.

"Manja angawa anakhakhala kalekale, sakumvanso kanthu. Tsaya silinama."

Kapitawo anali nako kachipangizo koyezera chinyezi, ndipo masiku ambiri kankanena zomwezo zimene tsaya lanena. A Tsaya ankati kachipangizoko kamaonera kwa iwo ngati mwana waulesi pa mayeso. Komatu tsaya lija linanamapo kamodzi. Sabata ina dzuwa linaswa mtengo, zitsulo zili gwaa kuuma, koma a Tsaya akagunditsa tsaya ankangoti, "Chazizira. Sitipenta." Mawa lake chimodzimodzi. Kapitawo anafika pogwira mutu, mpaka a Mbaliwali anawagwira a Tsaya pachipumi nkupeza thupi likutentha ngati mbaula. Anali malungo. Anawatengera kuchipatala pa njinga akukanabe kuti iwo ali bwino, odwala ndi zitsulo.

Tsiku lina akupuma masana pamthunzi wa matumba a simenti, a Mbaliwali anawaputa dala.

"Ntchito yanuyi ndi yakuba, achimwene. Chitsulo chimapsa ngati?"

"Mukufunsa ndinu? Inu amene mumachisungunula tsiku ndi tsiku? Kupsa sichipsa, koma chikatentha chimafooka. Chimagwada, denga nkutsikira pamitu pa anthu."

Anakoka chitini cha penti nkuchimenya pambali ngati akusisita galu wawo.

"M'chitini muno mwagona anthu atatu. Moto ukawadzutsa, woyamba amatulutsa asidi. Asidiyo amasandutsa wachiwiri kukhala makala. Wachitatu amauzira mpweya m'makalamo mpaka afufume ngati thovu. Kapenti kopyapyala ngati chikhadabo kamasanduka bulangete lakuda, lochindikala, chitsulo nkufunda."

"Ndiye moto nkuzima?"

"Suzima. Penti wangayu amangoupempha moto kuti udikire pang'ono, anthu atuluke kaye."

"Munamuonapo akuchita zimenezo?"

Apa a Tsaya anatola kamwala nkukaponya kutali. "Pa kachidutswa, kwa ogulitsa. Pa nyumba yeniyeni, yopenta ine ndi manja angawa, ayi."

A Mbaliwali anangofunsa mocheza, osadziwa kuti akhudza pachilonda chimene mnzawoyo adzayende nacho moyo wake wonse. Womanga amaona khoma lake litaima. Wa mapaipi amatsegula mpopi madzi nkutuluka. Koma a Tsaya ankapopera, penti nkuuma mbee, basi. Kuti adziwe ngati agwira ntchito yoona, panafunika kuti nyumba ipse.

Ntchito za anthu awiriwa zinkadananso ngati mphaka ndi khoswe. A Tsaya akamaliza kupopera, ndi pamene omanga ankakumbukira kuti aiwala kachitsulo kokolekapo mapaipi. Woitanidwa anali a Mbaliwali. Iwo nkubwera, nkupala penti, nkuwotcherera, nkusiya chilonda chakuda pa mzati woyera.

"Ndani wavula mwana wanga?" ankafuula a Tsaya mpaka nkhunda kuthawa padenga.

"Andituma ndi a kapitawo."

"Akakutumani kuti mukavule apongozi anu mupita?"

"Ndilibe apongozi ine."

"Ndi khalidwe limeneli simudzawapeza!"

Mkangano wina unakula kwambiri moti Lamlungu a Tsaya analondola kunyumba kwa a Mbaliwali kuti akaumalize. Pakhonde anapeza mlongo wawo wa a Mbaliwali akusoka pa makina. Analowa ndi mkwiyo, anatuluka atasokeredwa batani. Lamlungu lotsatira anabweranso, ndipo palibe anakumbukira kuti mkanganowo unali wa chiyani. Umu ndi mmene adani aja anasandukira alamu, ndipo mlongo uja, amene timamutcha mayi Telala, anakwatiwa ndi mwamuna amene, monga ankanenera iwo eni, anapsompsona zitsulo zambiri kuposa mkazi wake.

A Tsaya ndi mayi Telala atangokwatirana, a Mbaliwali anawapangira mbaula yachitsulo ngati mphatso. Inali yolimba koma yonyansa, ngati ntchito zonse za a Mbaliwali. Mayi Telala anaona chitini cha penti wotsala kuseri kwa chitseko, nkuganiza zoikongoletsa. Anaipaka kawiri, inauma, inayera mbee. Atasonkha makala nkutereka ketulo, mbaula inayamba kutuluka matuza. Matuza aja anada, anakula, anaphatikana, mbaula yonse nkufufuma ngati chule wokwiya. Mayi Telala anathawa liwiro la mtondo wadooka, chitenje m'manja, akukuwa kuti m'khitchini mwalowa chinthu.

A Tsaya anafika anthu atadzaza pabwalo. Atasuzumira anagwada pansi, misozi ili mbwembwembwe.

"Taonani! Taonani, anthuni! Adzuka onse atatu!"

"Bambo inu, tiyi wanga!"

"Tiyi timwa mawa, mayi. Taonani kukongola!"

Anainyamula mbaula ija nkuiika pa tebulo la pabalaza, ndipo alendo ankafunika kuiona kaye asanapatsidwe mpando. A Mbaliwali anaganiza kuti tsopano mlamu wawo apumula. Koma sipanapite nthawi, anawapeza akuiyang'ana atagwira chibwano.

"Uyu ndi penti wadzana, alamu. Mwana aliyense amathamanga. Funso ndi lakuti akakalamba, atamwa fumbi ndi chinyezi zaka ndi zaka, adzadzukabe?"

Nchifukwa chake a Tsaya sankatsanzika nyumba imene apenta. Ankaziyendera zonse Loweruka masana, monga bambo amayendera ana ake aakazi okwatiwa kuti aone ngati akusamalidwa. Mu sitolo ina ya nsapato anapeza mwini wake atakhomera mashelefu mothinitsa mzati mbali zonse.

"Bwana, mwana wangayu afufumira kuti?"

"Mwana wake uti?"

"Pentiyu. Moto ukabwera amafuna malo. Mwamumanga ngati katundu wa pa basi."

"Madala, muno timagulitsa nsapato. Mukufuna saizi yanji?"

A Tsaya sanakwiye. Anangokhala pa benchi yoyesera nsapato nkuyamba kufotokozera kasitomala aliyense za anthu atatu a m'chitini, ndi mmene denga limatsikira pamutu. Makasitomala ankayang'ana kumwamba, nkuvula nsapato, nkutuluka mwaulemu. Dzuwa lisanalowe mwini sitolo anaitana kalipentala. Mbiri inamveka, ndipo eni masitolo ena sanadikire kuti awayendere. Anayamba okha kusiya kampata pakati pa shelefu ndi mzati, kokwana chikhatho, ndipo kampatako kanatchedwa mpata wa a Tsaya. Ambiri sankadziwa ntchito yake. Ankangodziwa kuti ukakatseka, Loweruka ulandira mlendo.

Ku holo ya misonkhano ndiye kunachitika zoopsa. A komiti anaona kuti mizati yoyera ikuoneka ngati ya kuchipatala, nkugula penti wamafuta wobiriwira, wonyezimira, nkupaka mochindikala pamwamba pake. A Tsaya atalowa anavula chipewa ngati afika pa maliro. Anati penti wawo wavekedwa lamba wothina, moto ukadzabwera adzalephera kupuma. Anayenda khomo ndi khomo kwa a komiti mpaka anawalola kupala ndi kupoperanso. Anagwira okha madzulo aliwonse akaweruka, a Mbaliwali atawagwirira makwerero uku akung'ung'udza kuti ulamu wina ndi ukapolo.

Koma chimene tauni yonse inkawadziwa nacho, kuposa ngakhale tsaya lija, chinali kuthamangira moto. Galimoto ya ozimitsa moto ikangolira, a Tsaya ankasiya chilichonse. Anasiyapo mbale ya chakudya, anasiyapo nyimbo pakati mu kwaya, ndipo tsiku lina anathawa pa mpando wa ometa mutu utametedwa mbali imodzi, nsalu ikuuluka m'khosi, wometa akuwathamangira ndi lumo. Ankapalasa njinga ngati akuthawa ngongole, nkukafika befu ali wefuwefu, nkupeza kuti ndi dzala la zinyalala, kapena udzu wa kuseri kwa sukulu.

Ozimitsa moto anawazolowera. Mkulu wawo akawaona ankakweza dzanja ali patali.

"Pepani a Tsaya, si yanu!"

"Tithokoze Mulungu," ankayankha a Tsaya, nkhope ili ngati ya munthu amene basi yamusiya.

Anthu ankaseka, a Mbaliwali ankaseka kuposa onse. Ankati mlamu wawo ndi munthu yekhayo padziko amene amapempherera moto ndi mvula nthawi imodzi.

Kuseka kunatha tsiku limene inapsa fakitale ya matiresi. Sinali ya a Tsaya. Zitsulo zake zinangopakidwa penti wamba woletsa dzimbiri. Unali usana, anthu ali pa ntchito, ndipo moto unathamanga ngati waitanidwa. A Tsaya ndi a Mbaliwali anafikira limodzi, nkuima kuseri kwa chingwe cha apolisi. Anaona ndi maso awo mitanda ikupindika pang'onopang'ono ngati kandulo wa padzuwa, kenako denga lonse linakhala pansi. Anthu ambiri anali atatuluka. Awiri sanatuluke.

Pobwerera a Tsaya sanakwere njinga. Ankangoikankha, mlamu wawo ali pambali. Atayenda mtunda wautali, a Tsaya anacheuka.

"Alamu, kodi ine ndine munthu woipa?"

"Mwayamba liti kufunsa ine zimenezo?"

"Zaka zonsezi galimoto ija ikalira, mtima wanga umati mwina lero. Lero ndauona lero wakeyo."

"Simunayatse ndinu."

"Ayi. Koma tamvani. Mu nyumba zanga muja mukugona anthu, mukusoka anthu, ana akuphunzira. Onse ndinawauza kuti moto udzadikira. Nanga ngati wangayo naye wasanduka njereza chabe? Nanga ngati ndinapopera mopyapyala, kapena tsiku lina tsaya linandinamiza?"

A Mbaliwali anaganiza kaye, nkunena zimene wowotcherera aliyense akananena. "Tiyeni tipite ndi botolo la gasi pa mzati umodzi, pakona posaoneka. Tiwotche pang'ono, tione."

A Tsaya anaima chilili. "Kubaya mwana kuti muone ngati ali ndi magazi? Ndipo mzati umodzi wa chaka chatha ungandiuze chiyani? Alamu, nzeru zanu zonse zimathera ku moto."

Kuchokera tsiku limenelo sanathamangirenso galimoto ija. Ikalira ankangoima pamene ali, nkuvula chipewa, mpaka kulira kwake kuzilala. Koma funso lija silinawachoke. Linakalamba nawo limodzi.

Atakula, matenda ofa ziwalo anawagwira mbali ya kumanja. Mwendo unkakoka, dzanja linapinda, mawu ankatuluka amodziamodzi ngati akuwerengedwa. Anakhala munthu wa pampando, pakhonde, pafupi ndi makina a mayi Telala. Tauni inayamba kuwasowa adakali moyo, ndipo mpaka lero sinawapezere wolowa m'malo. Opopera penti alipo, anyamata odziwa ntchito, ovala zophimba kumaso, okhala ndi zipangizo zimene sizidwala malungo. Amapopera bwino, amalongedza, amapita, ndipo sabwereranso kudzafunsa kuti mwana akukhala bwanji. M'masitolo ena mpata uja ulipobe, koma amasungamo matsache ndi makatoni. Loweruka masana eni masitolo amawodzera mwamtendere, palibe wowasokoneza, ndipo ena a iwo amanena okha kuti mtendere wake ndi wosakoma. Galimoto ya ozimitsa moto ikamadutsa, akuluakulu amatembenukabe kuyang'ana kumbuyo kwake, mumsewu muli zii.

A Mbaliwali sakonda kukamba za maliro a mlamu wawo. Ukawafunsa amakhotera ku nkhani ya chidutswa cha chitsulo, imene inachitika chaka chomaliza.

Kunamveka kuti nyumba yakale yosungiramo nsalu, imodzi mwa zoyambirira zimene a Tsaya anapenta, akuigwetsa kuti pamangidwe zina. Inali itaima zaka zonsezo, denga likudontha, nkhunda zikuswana m'mitanda, ndipo sinapsepo ngakhale kamodzi. A Mbaliwali, nawonso msana utayamba kuwerama, anapita kukaona. Anapeza mitanda itaunjikidwa pansi kudikira ogula zitsulo zakale. Penti uja analipobe, atasanduka wotuwa ngati phulusa, pena atang'ambika timizere. Anapempha mkulu wa ogwetsa, ndipo anawadulira zidutswa ziwiri ndi sowo, kuti moto usazikhudze.

Anadutsira kwa mlongo wawo, nkumukokera kuseri kwa nyumba.

"Achimwene, musayerekeze," anatero mayi Telala atamva kuti akufuna kuwotcha chidutswa pamaso pa a Tsaya. "Munthuyu watsala ndi chiyani? Chikakana kufufuma mwamupha ndinu."

"Nanga apite osadziwa?"

"Bola osadziwa kusiyana ndi kudziwa zoipa."

"Nchifukwa chake ndadula ziwiri, achemwali. Chimodzi ndikayesa ndekha ku shedi. Chikakana, chinacho ndikataya m'dzala, ndipo ine ndi inu sitinalankhulepo."

Mayi Telala anawayang'ana kumaso. "Inu simudziwa kunama. Nkhope yanu ili ngati zenera."

M'mawa mwake a Mbaliwali anatseka chitseko cha shedi, nkumanga chidutswa chimodzi pa tebulo lachitsulo. Anayatsa gasi. Anachepetsa lawi kuti likhale lofewa, nkulilozetsa pa penti wotuwa uja.

Penti anada. Kunatuluka kafungo ka fumbi lopsa. Basi.

Anadikira. Palibe chinachitika, kupatula chibanga chakuda chimene chinkangokula. Anayamba kuganiza za dzala la kuseri, ndi za mmene azikamuyang'anira mlamu wawo m'maso masiku onse otsala. Anawerama pafupi, nkuyamba kulankhula ndi chitsulo, iwo amene anaseka mnzawo zaka zonsezo chifukwa chomwecho.

"Dzukani, anthu inu. Bambo wanu akudwala."

Kaya anamva, kaya inali chabe nthawi yake. Panatuluka kathuza kamodzi. Kenako ena, mbali ndi mbali. Chibanga chija chinayamba kutukuka, kukwera, kufufuma mwakachetechete, chakuda bii, chofewa ngati thovu, mpaka chinatalika ngati chibakera. A Mbaliwali anawerama kwambiri kuti aonetsetse, lawi nkuwanyambita kumaso, koma sanamve nkomwe. Anazungulira nkukhudza kuseri kwa chitsulo ndi nsonga ya chala. Chinali chofunda chabe, ngati kapu ya tiyi woiwalika. Anazimitsa gasi, anakhala pansi pa simenti, nkulira ngati mwana, okha, chitseko chotseka.

Masana anasamba, anavala malaya oboola pang'ono, anamanga chidutswa chachiwiri ndi botolo la gasi pa wilibala, nkupita. Panjira ankaphunzitsa nkhope yawo kuoneka ngati ya munthu wosadziwa kanthu.

A Tsaya anali pampando wawo, bulangete pamiyendo. Mayi Telala anasiya kupalasa makina.

"Alamu, ndabwera ndi mlendo," anatero a Mbaliwali, nkuika chidutswa chija pamiyendo pawo. "Cha ku nyumba ya nsalu. Akuigwetsa."

A Tsaya anachisisita ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, kuyambira uku mpaka uko. Anachizindikira. Kenako anakweza maso nkuyang'ana mlamu wawo, ndipo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Munadula zingati?"

"Chimodzi."

"Alamu."

"Chimodzi, ndikulumbira."

"Nsidze yanu yakumanzere ili kuti?"

A Mbaliwali anagwira pamwamba pa diso. Panali see, ngati bondo la mwana. Mayi Telala anabisa nkhope mu nsalu imene ankasoka, mapewa akugwedezeka.

"Zaka zonsezi," anatero a Tsaya, mawu akubwera movutikira, "simunasiyebe kuwotcha ana anga kumbali."

"Pepani alamu."

"Chinatani?"

"Chinafufuma."

"Bwanji?"

A Mbaliwali anakunga chibakera nkuchionetsa. "Chonchi. Chinachedwa kaye, ngati nkhalamba podzuka. Koma chinadzuka. Kuseri ndinagwira ndi chala changachi."

Kumsewu kunadutsa ngolo ya munthu wogulitsa ndiwo. A Mbaliwali anayamba kumasula botolo la gasi pa wilibala.

"Dikirani ndiyatse, muone nokha."

"Siyani."

"Simukufuna kuona ndi maso anu? Mwadikira moyo wanu wonse."

"Mwaona inu. Munthu wa moto akanena kuti moto wadikira, ine nditsutse ngati ndani?" Anapuma kaye. "Ndiye kuti anthu a mu nyumba muja akanatuluka."

"Akanatuluka onse."

"Munali mlonda wina, wotsimphina. Ankagona kumapeto kwenikweni, kuseri kwa mabelo. Ndinkamuganizira kawirikawiri. Ameneyo?"

"Ameneyonso, alamu. Akanabwerera nkukatenga ketulo yake, nkutulukanso."

A Tsaya anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, imene inkagwirabe ntchito. Anakokera bulangete pamwamba pa chidutswa chija mpaka chinafunda chonse.

"Mayi," anatero, "apatseni tiyi alamu anga. Ndipo mupeze kakala muwajambulire nsidze, asaopseze ana panjira."